Tikupita kukadya curry kwa Amwenye monga gulu: tiitanitse chiyani, ndipo tilipire bwanji?

NaMbewe, Chilenje

Moni kwa nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munazolowera kudya m'malesitilanti a Amwenye muno mu Lusaka, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tili ndi gulu la chilimba la anthu 8, amayi ndi abambo, ndipo tinagwirizana kuti aliyense akalandira gawo lake tidzakumane pa chakudya chamadzulo kunja, m'malo mosonkhana kunyumba kwa mmodzi wa ife monga timachitira mwezi ndi mwezi. Wina anapereka maganizo akuti tikalawe curry, ambiri anavomera, ndipo ntchito yokonza zonse inagwera ine chifukwa ndine amene ndimasunga buku la gulu.

Ndinapempha lesitilanti ina ya cha ku Rhodes Park kuti inditumizire menyu pa WhatsApp, ndipo nditaiwerenga mutu unaima. Mayina a zakudya ndi ambirimbiri, korma, madras, vindaloo, rogan josh, jalfrezi, makhani ndi ena otero, koma palibe pamene afotokoza momveka kuti chowawa n'chiti ndipo chosawawa n'chiti. Mtengo wa mpunga walembedwa pawokha, wa buledi wawo uja wotchedwa naan walembedwanso pawokha, moti n'zovuta kuwerengera kuti munthu mmodzi afunika zinthu zingati kuti akhute.

Anthu akenso ndi osiyanasiyana. Pali mayi wachikulire wa mpingo wa Seventh-day Adventist amene sadya nkhumba ndi zam'madzi zopanda mamba, pali mnzathu amene amavutika ndi chilungulira, wina ali ndi matenda a shuga, ndipo pali abambo awiri amene amadzitama kuti kambuzi amangotafuna wosaphika osaphethira n'komwe. Palinso mmodzi amene wanena kale kuti ngati kulibe nsima ndiye kuti akagona ndi njala.

Nkhani ina ndi ya ndalama. M'gulu mwathu muli mphunzitsi, muli ogulitsa pa msika wa Soweto, muli wogwira ntchito ku banki, ndipo matumba athu salemera mofanana. Sindikufuna kuti wina achite manyazi bilu ikafika, komanso sindikufuna kuti amene wamwa madzi okha alipirire mowa wa mnzake. Kodi tiitanitse chiyani, ndipo tigawane bwanji malipiro kuti tikabwerere kunyumba tikugwirizanabe? Zikomo kwambiri.

Mwale, Kabwata

Amayi NaMbewe, ine ndinagwirapo ntchito yoperekera zakudya m'lesitilanti ya Amwenye ndisanayambe bizinesi yanga, choncho ndinena zimene ndinkaona patebulo usiku ndi usiku. Chimene chimasokoneza anthu athu ambiri n'chakuti amalowa ndi maganizo a kumalo ogulitsira nkhuku ndi tchipisi, kumene aliyense amaitanitsa mbale yakeyake. Chakudya cha Amwenye sichinakonzedwe motero. Curry ndi ndiwo, ndipo mpunga ndi naan zili m'malo mwa nsima. Ndiwozo zimaikidwa pakati, aliyense n'kumatapa pang'ono kuika m'mbale mwake. N'chifukwa chake mitengo ya mpunga ndi naan yalembedwa payokha. Munthu akaitanitsa curry yokha amapatsidwa kambale ka msuzi ndi nyama basi, ndipo amakhala akuyang'ana kukhomo la khitchini kudikira zinthu zimene sizibwera.

Kwa anthu 8, ine ndingaitanitse curry zosiyanasiyana 5 kapena 6, mbale za mpunga woyera wa basmati 3 kapena 4, ndi naan zochepa poyamba, n'kumawonjezera pamene kudya kuli mkati. Timbale ta curry timaoneka tating'ono tikamafika, ndipo anthu amayamba kuyang'anana poganiza kuti aberedwa, koma msuzi wake ndi wolemera chifukwa cha batala, kirimu ndi anyezi wokazingidwa nthawi yaitali, moti masupuni awiri atatu amayendetsa mpunga wochuluka. Nthawi zambiri chakudya chimatsala.

Za naan ndikufuna kuti mumvetse chifukwa chake sibwino kuziitanitsa zonse nthawi imodzi. Naan amaiphika mu tandoor, umene ndi mtsuko waukulu wadothi wokhala ndi makala pansi ndi kamwa kumwamba. Wophika amatambasula ufa wokanda pa kapilo kansalu, n'kulowetsa mkono mwachangu kukaumata pakhoma la mkati, pakuti kutentha kwa mmenemo kumapitirira madigiri 400. Pasanathe mphindi ziwiri buledi uja amafufuma n'kuchita mawanga akuda, ndipo amamuchotsa ndi zitsulo ziwiri zazitali, china chopalira china chokolera. Mukadzaona wophika wa pa tandoor mudzayang'ane mkono wake, ubweya unatha kalekale. Naan yotuluka kumene imakhala yofewa ndi yonunkhira batala kapena adyo, koma ikangozizira imauma n'kuyamba kuvuta kunyema, ndipo imeneyo ndi ndalama yotayika.

Tsopano mayina aja. Butter chicken, imene pa menyu ena amalemba kuti murgh makhani, ndi nkhuku yowotcha yophikidwa mu msuzi wa tomato, batala ndi kirimu. Siwawa, ndipo anthu oyamba kumene amaikonda pafupifupi onse. Korma nayonso ndi yofatsa, msuzi wake amaupanga ndi yogati ndi mtedza wopera wa cashew kapena almond, ndipo wokonda ndiwo zotendera sadzadandaula nayo. Rogan josh ndi nyama ya nkhosa kapena ya mbuzi, kaphikidwe ka ku Kashmir. Imafiira moopsa, koma kufiirako kumachokera ku mtundu wina wa tsabola wopatsa maonekedwe kuposa ukali, choncho musaithawe. Jalfrezi amaikazinga ndi anyezi, tsabola wamkulu wosawawa uja ndi tsabola wobiriwira wowawa, ndipo imaluma ndithu. Madras imawawa, vindaloo imaposa pamenepo ndipo imawawasanso chifukwa muli viniga.

Pa zamasamba musalephere kutenga dal, umene ndi msuzi wa nyemba zosenda, ndi palak paneer, imene ndi sipinachi wopera wokhala ndi tizidutswa ta tchizi chofewa chosasungunuka. Ngati alemba bhindi, dziwani kuti ndi therere, koma lokazinga ndi anyezi, louma, losaterera konse.

Abambo a nsima aja muwaitanitsire tandoori chicken. Ndi nkhuku yonyikidwa mu yogati ndi zokometsera, yowotchedwa mu tandoor momwemo, imafika ikulira pa mbale yachitsulo yotentha pamodzi ndi anyezi ndi ndimu, ndipo munthu akaigwira ndi manja n'kunyema naan amaiwala madandaulo. Kapena muwatengere biryani, umene ndi mpunga wophikidwa pamodzi ndi nyama, koma mukatero muchepetse mpunga woyera chifukwa biryani ndi chakudya chokwanira pachokha.

Woperekera zakudya adzakufunsani ngati mukufuna mild (chosawawa kwenikweni), medium (chapakati) kapena hot (chowawa kwambiri). Mawu amenewa sakhala ndi muyeso umodzi, zimadalira dzanja la wophika wa tsikulo. Uphungu wanga ndi wakuti zonse zapakati muitanitse mild kapena medium, kenako mupemphe kambale ka tsabola wobiriwira woduladula kuti ofuna moto aziwonjezera okha m'mbale mwawo. Abambo awiri odzitama aja muwatengere vindaloo imodzi ya hot kuti agawane. Ndaonapo amuna ambiri otero akupukuta thukuta mwakachetechete, ndipo gulu lanu lidzakhala ndi choseka chaka chonse.

NaZulu, Woodlands

Achemwali NaMbewe, a Mwale afotokoza bwino za kaitanitsidwe ndipo sindibwereza. Ine ndine namwino, choncho ndikhudza za odwala awiri aja ndi za tsabola.

Kuwawa kwa tsabola kumachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin, amene amadzutsa timitsempha ta pa lilime tomwe ntchito yake ndi kuchenjeza thupi chinthu chikatentha kupitirira madigiri pafupifupi 43. Ubongo umalandira uthenga wakuti pakamwa papsa, n'chifukwa chake munthu amatuluka thukuta, misozi ndi mamina ngakhale palibe bala lililonse. Capsaicin sasungunuka m'madzi koma m'mafuta, choncho kumwa madzi ozizira kumangotonthoza kwa kamphindi, kenako moto uja umabwerera utafalikira pakamwa ponse. Mowa ndi zakumwa za gasi sizithandizanso kwenikweni. Chimene chimathandiza ndi mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka. Muitanitse raita, amene ndi yogati wosakaniza ndi nkhaka, akhale pakati pa tebulo, ndipo amene wapsa kwambiri amwe lassi, chakumwa cha yogati chokoma ndithu kwa aliyense wozolowera mabisi.

Pa za mnzanu wa chilungulira ndisiyana pang'ono ndi a Mwale. N'zoona kuti butter chicken ndi korma siziwawa, koma chilungulira sichiyamba ndi tsabola yekha. Mafuta ambiri, tomato, anyezi, kukhuta kwambiri ndi kugona chakudya chisanatsike, zonsezi zimachiputa, ndipo butter chicken ili ndi mafuta ndi tomato yemwe. Munthu wotere amachita bwino ndi nkhuku kapena nsomba yowotcha mu tandoor, dal wosachulukira batala, mpunga woyera ndi raita, n'kungolawa msuzi wa zinazo. Chothandiza kwambiri ndi nthawi. Ngati mungathe kukhala patebulo cha m'ma 18:00 m'malo mwa 20:00, adzakhala ndi maola awiri kapena atatu asanagone. Ndiwonjezere kuti chikhulupiriro chakuti tsabola amayambitsa zilonda zam'mimba si choona. Zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori kapena kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aspirin, ibuprofen ndi diclofenac, ngakhale kuti tsabola amatha kuvutitsa munthu amene ali nazo kale.

Wa matenda a shuga mdani wake patebulo limeneli si curry ayi, koma mpunga woyera, naan ndi zotsekemera. Angatenge tandoori roti, imene amapanga ndi ufa wa tirigu wosapuntha, adye nyama yowotcha, dal ndi masamba, mpunga pang'ono chabe. Lassi ilipo ya mchere ndi ya shuga, iye atenge ya mchere, pakuti ya mango imakhala ndi shuga wambiri. Pamapeto anzake akamaitanitsa gulab jamun, timibulu tokazinga tonyikidwa m'madzi a shuga, iye angoonerera. Ngati amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi asanadye, asafulumire kutero ali kunyumba, chifukwa chakudya cha gulu lalikulu chimatha kuchedwa ndipo shuga angatsike akudikira.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi mtedza. Mufunse gulu lonse ngati pali amene thupi lake limadana ndi mtedza, kapena amene mkaka umamutsegula m'mimba. Cashew amamupera n'kumusungunula mu msuzi moti saoneka ndi maso, ndipo si mu korma mokha, ophika ena amamuikanso mu butter chicken ndi mu curry zina za kirimu. Munthu amene amatupa milomo kapena kubanika akadya mtedza ayenera kuuza woperekera zakudya asanaitanitse chilichonse, ndipo woperekerayo akafunse kukhitchini, asangoyankha za m'mutu mwake.

Sakala, Matero

Amayi, ine ndilankhula za ndalama zokha, chifukwa magulu ambiri amakangana pa bilu osati pa tsabola.

Kudyera pamodzi kumene a Mwale anena n'kwabwino, koma kuli ndi msampha wake. Chakudya chikakhala cha onse, aliyense amamva kuti ali ndi ufulu woitana woperekera zakudya n'kuwonjezera chinthu, podziwa kuti mtengo wake ugawidwa pa anthu 8. Ndinapitapo ndi anzanga a kuntchito ku lesitilanti ina ya m'mbali mwa msewu wa Great East, ndipo mnzathu wina anaitanitsa prawns, zam'madzi zopanda mamba zimene zili m'gulu la zakudya zodula koposa pa menyu pakuti kuno kulibe nyanja yamchere ndipo zimachokera kutali, winanso anali kungokweza dzanja kuitanitsa mowa wa Mosi. Bilu itafika panali zii, ndipo mtsikana wina amene anangodya dal ndi mpunga analipira mofanana ndi iwo, osanena kanthu, koma sanabwerenso ku zochitika za gulu.

Choncho menyu igwiridwe ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndi inu, amayi, popeza buku la gulu lili kale m'manja mwanu. Musankhe zakudya musanapite, muwerengere mtengo wake pa menyu imene anakutumizirani ija, muugawe pa anthu onse, ndipo aliyense atumize gawo lake pa Airtel Money kapena MTN MoMo tsikulo lisanafike. Mukatero ogulitsa pa msika adzadziwiratu ndalama yofunika n'kuikonzekera, ndipo palibe amene adzapapase m'thumba pamaso pa anzake. Zakumwa zikhale za aliyense payekha, ndipo muuze woperekera zakudya pachiyambi pomwe kuti azilembe pa bilu ina. Ambiri amavomera ngati mwanena msanga, koma sakondwa mukawauza pamapeto zonse zitalowa kale mu kompyuta.

Powerengera musaiwale zinthu ziwiri. Msonkho wa VAT kuno ku Zambia ndi 16 peresenti, ndipo muyenera kufunsa ngati mitengo ya pa menyu yauphatikiza kale. Malo ambiri amawonjezeranso 10 peresenti ya service charge, ndalama yolipirira ntchito yokuperekerani zakudya. Ziwirizi zikabwera pamwamba pa mtengo umene munawerengera, bilu imakwera ndi ndalama yoposa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo pa chakudya cha anthu 8 imeneyo si ndalama ya masewera. Mufunsenso ngati papadum (timabuledi topyapyala touma) ndi timisuzi timene amaika patebulo anthu akangokhala n'zaulere, chifukwa malo ena amalipiritsa.

Wa ku banki uja akafuna kuonetsa kukoma mtima, musamulole kulipira chakudya chonse, pakuti enawo adzamva kuti ali ndi ngongole kwa iye, ndipo m'gulu la chilimba zimenezo sizikhala bwino. Mumuuze kuti agulire gulu lonse tiyi wa masala pamapeto, kapena alipire takisi ya Yango ya amene amakhala kutali.

Jere, Northmead

Mwana wanga NaMbewe, ine ndine wachikulire, ndinakulira ku Chipata pafupi ndi masitolo a Amwenye, ndipo ndikufuna kuteteza zakudya zamasamba, zimene a Mwale angozidutsa mwachangu, komanso zimene anthu athu amaziona ngati zoitanitsa munthu wopanda ndalama.

Amwenye oyamba anafika m'dziko muno cha m'ma 1905 ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, ndipo ambiri a iwo anali amalonda ochokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India. Oyambirira anali Asilamu, Ahindu anabwera pambuyo pake. Muno mu Lusaka malonda awo anakhazikika kwambiri ku Kamwala, kumene mpaka lero mungagule zokometsera zonse za curry. Chimene ndinaona ndili mnyamata n'chakuti m'nyumba za Ahindu a ku Gujarat nyama sinkaphikidwa n'komwe. Chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku chinali dal, mpunga, chapati chopyapyala, masamba okazinga ndi achali wa mango, ndipo m'zakudya zimenezo ndi mmene luso lawo lenileni la zokometsera limaonekera, chifukwa mulibe kirimu wobisa zolakwa za wophika.

Zambiri zimene zili pa menyu yanuyo ndi kaphikidwe ka kumpoto kwa India ndi ka m'malesitilanti. Butter chicken inayambira ku Delhi, mu lesitilanti ya Moti Mahal, imene inatsegulidwa ndi anthu ochokera ku Peshawar pamene India ndi Pakistan anagawikana mu 1947. Chicken tikka masala inatchukira ku Britain, moti mu 2001 nduna yawo ya zakunja, Robin Cook, inaitchula kuti ndi chakudya cha dziko lawo. Sindikunena kuti n'zoipa, zimakoma ndithu, koma mukaitanitsa butter chicken, tikka masala ndi paneer makhani nthawi imodzi mudzapeza kuti mwalipira katatu msuzi wofanana wa tomato ndi kirimu. Pa curry 6 zija, zitatu zikhale zamasamba, ndipo bilu imene a Sakala akuda nayo nkhawa idzatsika yokha.

Mukadzalawa dal wachikasu, amene amathira mafuta otentha okazingiramo adyo, tsabola wouma ndi tinjere tonunkhira ta cumin pamwamba atatsala pang'ono kumubweretsa, mudzazindikira kakomedwe kake, chifukwa kawirikawiri amakhala nandolo wosenda. Nandolo yemweyu amene amalimidwa kwathu kum'mawa ndi ku Malawi amagulidwa kwambiri ndi dziko la India, ndipo mu 2021 India anagwirizana ndi Malawi kuti azigula matani 50,000 chaka chilichonse. Chana masala nayonso ndi tchana, ndipo baingan ndi mabiringanya. Palibe chachilendo m'zinthu zimenezi koma kaphikidwe kokha.

Za mayi wa Adventist musade nkhawa kwambiri. Asilamu sadya nkhumba, Ahindu sadya ng'ombe, choncho malesitilanti ambiri a Amwenye amangophika nkhuku, mbuzi, nkhosa, nsomba ndi masamba kuti alandire onse. Chofunika kufunsa ndi vindaloo yokha, chifukwa kwawo ku Goa, kumene Apwitikizi analamulira kuyambira 1510 mpaka 1961, imaphikidwa ndi nkhumba, ndipo inachokera ku kaphikidwe ka Apwitikiziwo konyika nyama mu vinyo ndi adyo. Ngakhale tsabola amene akuopsa gulu lanuyu si wa ku India, anachokera ku America ndipo ndi Apwitikizi omwewo amene anamufikitsa kumeneko. Prawns zimalembedwa poyera pa menyu, n'zosavuta kuzipewa. Mayiyo muwafunsenso ngati amamwa tiyi, pakuti ambiri a mpingo umenewo samwa, kuti a ku banki aja adzawagulire china. Ndipo ngati lesitilantiyo ndi ya halal, yotsatira malamulo a Chisilamu pa zakudya, mwina sigulitsa mowa, choncho okonda Mosi adziwiretu.

NaMbewe, Chilenje

Zikomo kwambiri nonse, a Mwale, achemwali NaZulu, a Sakala ndi inu agogo Jere. Ndalemba butter chicken, rogan josh, vindaloo imodzi, dal, palak paneer ndi bhindi, pamodzi ndi tandoori chicken, raita, mpunga ndi naan, ndipo ndalama tisonkheratu monga mwa uphungu wa a Sakala. Mayi athu aja sangatuluke Lachisanu madzulo kapena Loweruka dzuwa lisanalowe, choncho tasankha Lamlungu. Ndatsala ndi mafunso ang'onoang'ono kwa a Mwale. Kodi kudya ndi manja n'kololedwa m'malo otere, kapena anthu adzatiseka? Kodi chakudya chikatsala tingapemphe kuti atikulungire? Ndipo popeza gulu likufuna kuvala malaya athu oyera a chilimba kuti tijambulitse, kodi pali choopsa?

Mwale, Kabwata

Amayi NaMbewe, mndandanda wanu uli bwino, ndipo ndikuvomereza zimene agogo Jere anena za msuzi wofanana, ndi zimene achemwali NaZulu andiwongolera pa za chilungulira.

Kudya ndi manja n'kololedwa kotheratu, eni chakudyacho amadya motero kwawo, ndipo naan simungaidye bwino ndi foloko. Mumanyema kachidutswa ndi dzanja lamanja, n'kukapinda pang'ono, n'kutapa nako msuzi ndi nyama. Potapa m'timbale ta pakati mokha ndi mmene muyenera kugwiritsa ntchito supuni imene yabwera ndi kambale kalikonse, ndipo musasinthanitse masupuniwo, kuopa kuti supuni ya vindaloo ingalowe mu dal wa mnzanu wa chilungulira. Malo ena pamapeto amabweretsa kambale ka madzi ofunda muli kachidutswa ka ndimu, amenewo ndi osambira m'manja. Pamodzi ndi bilu amabweretsanso tinjere tobiriwira ta fennel tosakaniza ndi tishuga tamitundumitundu, timeneto n'totafuna kuti m'kamwa mununkhire bwino, ndipo salipiritsa.

Chotsala kupempha kuti akukulungireni si chamanyazi, anthu ambiri amatero, ngakhale malo ena amalipiritsa kandalama ka zotengera. Curry yogona m'firiji imakomanso kuposa ya dzulo lake, koma mpunga muuike m'firiji mukangofika ndipo mawa lake muutenthetse mpaka utuluke nthunzi. Muimbiretu foni kusungitsa tebulo ndi kuwauza zimene mwasankha, chifukwa malo ena amatseka masana akatha n'kudzatsegulanso madzulo, ndipo chakudya cha anthu 8 chimatenga nthawi ngati akhitchini sanachenjezedwe.

Za malaya oyera, mujambulitse chakudya chisanafike. Pafupifupi curry iliyonse ili ndi ufa wachikasu wotchedwa turmeric, ndipo dontho lake pa nsalu yoyera silichoka msanga. Likagwa musapake ndi nsalu yonyowa chifukwa lidzangofalikira, mungochotsa msuziwo ndi nsonga ya supuni. Kunyumba mukapaka sopo banga lija lidzasanduka lofiira, koma musadabwe, turmeric amatero akakumana ndi sopo. Mutsukuluze bwinobwino ndi madzi ozizira, muyanike malayawo padzuwa lamphamvu tsiku lonse, ndipo ngati chikasu chikuonekabe mubwerezenso mawa lake musanawasite.